Mutu 11: Nkhoswe ya Wophunzira ku Mapiri a Angónia

Munthu amene anyamuka mumzinda wa Tete m'mamawa, nawoloka Zambezi, napitirira migodi ya malasha ya ku Moatize, nakhota pa Mussacama kulunjika kumpoto, azindikira asanathe ulendo wake wa makilomita oposa 200 kuti walowa m'dziko lina, chinkana sanadutse malire alionse. Pakuti milambe itsala m'mbuyo, thukuta liuma, minda ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere iyamba kuyala mbali zonse ziwiri za mseu, ndipo pofika ku Ulongué, kumene Apwitikizi ankakutcha Vila Coutinho, dzanja lifunafuna lokha chovala chofunda. Pamseu umenewu, chaka ndi chaka, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, pamadzera anyamata ndi atsikana ochokera ku Beira, ku Quelimane, ku Chimoio, ku Nampula ndi kwina kutali, aliyense ndi chikwama chake, bulangete lake ndi kalata yomuuza kuti wapambana mayeso olowera sukulu ya ukachenjede. Ndipo ambiri mwa iwo alibe ndi mmodzi yemwe wowadziwa dzina m'boma lonse la Angónia.

Chowabweretsa kuno n'chakuti dziko la Mozambique lidaleka kuunjika maphunziro apamwamba pamalo amodzi. Sukulu yoyamba ya ukachenjede idatsegulidwa ku Lourenço Marques, kumene tsopano ndi Maputo, mu 1962, ndipo pafupifupi onse amene ankaphunzira kumeneko adali ana a atsamunda. Mu 1976 idapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane, koma kwa mwana wa ku Dómuè kapena ku Tsangano, Maputo adakhalabe kumalekezero a dziko. Pamene boma lidakhazikitsa Universidade Zambeze mu 2007, nkuyamba kuphunzitsa mu 2009, lidaika likulu lake ku Beira koma nthambi zake lidazimwaza m'zigawo zapakati: za umoyo lidaziika mumzinda wa Tete, ndipo za ulimi lidazikweza ku Ulongué, kumene nthaka ndi mvula ndizo aphunzitsi oyamba. M'tauni yomweyi muli Hefsiba, sukulu imene mpingo wa Igreja Reformada udayambitsa nkhondo ya pachiweniweni itatha kuti isule abusa, ndiponso sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Nzeru yomwaza sukuluyi idali yabwino, ndipo palibe munthu wa maganizo angwiro amene angaitsutse. Koma idabwera ndi funso limene omanga makalasi sakonda kulifunsa, lakuti mwana amene mwamuitana kuchokera kutali chotero, akadwala usiku, akasowa chakudya, akamva za maliro kwao, kapena mtima ukamlemera kufikira kutaya chiyembekezo, agogoda pakhomo la yani?

Makolo athu funso lotere sadalidziwe, chifukwa m'mudzi wa Achewa, ngakhalenso wa Angoni a kwa Maseko amene adakhazikika pansi pa phiri la Dómuè nakwatirana ndi eni nthaka, munthu sankaima yekha pa nkhani iliyonse ya moyo wake. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya amake nakagona kumphala ndi anzake, mtsikana kugowelo, komano maso a akulu sankachoka pa iwo. Namwali polowa m'tsimba ankapatsidwa phungu wom'perekeza ndi kum'tanthauzira zimene anamkungwi akulangiza. Ndipo munthu akalowa m'banja ankakhala ndi nkhoswe, amene udindo wake udali wodziwika kwa mudzi wonse, kuti matenda akagwa ndiye woyamba kuuzidwa, mlandu ukabuka ndiye wokaima pabwalo, imfa ikafika ndiye wonyamula uthenga. Chachikulu pa unkhoswe sichidali chifundo chokha ayi, pakuti chifundo chimabwera ndi kupita monga mwini mtima afunira, chachikulu chidali chakuti panali munthu mmodzi wotchulika dzina, amene anthu akadatha kumloza chala ndi kumfunsa kuti, "Inu mudali kuti pamene izi zinkachitika?" Wophunzira amene wakwera chapa, minibasi ya kuno, kuchoka kwao amataya zonsezi tsiku limodzi.

Oyamba kukumana ndi vuto lolera ana a eni kutali ndi kwao m'dziko lino adali amishoni. Ansembe a Chiyezuwiti adamanga ku Lifidzi kutangotsala pang'ono kuti ufumu wa ku Portugal ugwe mu 1910, ndipo boma latsopano litawapirikitsa adakhala kunja zaka zambiri, kufikira pangano la pakati pa Lisboa ndi Roma la mu 1940 lidawatsegulira njira yobwerera. Pambuyo pake adamanganso Fonte Boa. Amishoni a Dutch Reformed, abale ake a mishoni ya Nkhoma ya kutsidya kwa malire, adayamba ntchito ku Mphatso mu 1909, koma Apwitikizi adawatsekera mu 1922, ndipo akhristu ao adasunga chikhulupiriro zaka zambiri popanda mbusa wokhala pakati pao. Pa sukulu zogonera za mishoni mwana ankadzutsidwa ndi belu, kudya ndi belu, kupemphera ndi belu, kulima munda wa sukulu ndi kugona ndi belu; ndipo ngakhale akulu amene adadzera m'manja amenewo amakumbukira mkwapulo ndi nyemba zofumbwa, amavomerezanso kuti mwana sakadatha kusowa pa chakudya chamadzulo osafunsidwa, kapena kugona ndi malungo masiku awiri osaonedwa. Kudali kulera kwenikweni, koma kulera kosasiyanitsa chisamaliro ndi ulamuliro, kumene kunkayesa munthu wa ndevu zake ngati mwana wakhanda.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, sipadathe mwezi ndi theka boma la Samora Machel lisanatenge sukulu zonse ndi zipatala, pa 24 Julayi, nkuziika m'manja mwake. Nyumba zogona ana a sukulu zidakhala za boma, ndipo boma lidadziyesa lokha atate ndi amai a wophunzira aliyense, kufikira kuti pa 8 Malichi 1977 lidachotsa achinyamata m'makalasi omaliza a sekondale nkuwagawira ntchito ndi maphunziro monga momwe dziko lidasowera, uyu uphunzitsi, uyu usilikali, osayamba lafunsa chimene mtima wa mwini wake unkafuna. Kenaka idadza nkhondo. Sukulu za m'midzi zidatenthedwa, aphunzitsi adathawa, ndipo pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lomwe lino, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, adatengedwa usiku ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, nkuphedwa. Anthu a ku Angónia adawoloka malire miyandamiyanda nakamanga misasa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, pakati pa anthu oposa miliyoni imodzi amene dziko la Malawi lidawasunga, kufikira pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Mbiri imeneyi sitikuikumba pofuna kudzutsa misozi, koma chifukwa ili ndi chipatso chimene chikuoneka m'makalasi a lero. Makolo a ophunzira ambiri a tsopano ndiwo ana aja amene sukulu yao idadukizidwa ndi mfuti, ena adaphunzira pang'ono m'Chingerezi kumisasa ya ku Malawi, ena sadaphunzire konse; motero mwana wao akafika pa sukulu ya ukachenjede amakhala woyamba pa mbumba yonse kuponda pamenepo, ndipo akaimba foni kumudzi kunena kuti walephera phunziro lina, kapena kuti sakumvana ndi mphunzitsi womuyang'anira, amake amamva chisoni chenicheni koma alibe mau omulangiza nawo, koma okhawo akuti, "Limbika mwana wanga, ife tonse tikuyang'ana iwe." Mau amenewa ndi achikondi, komabe ali ndi kulemera kwake, ndipo ambiri amaleka kuimba foni chifukwa cha iwo.

Tiyambe ndi za m'mimba, popeza ndizo zimene wophunzira amachita nazo manyazi koposa. Chaka cha maphunziro m'dziko lino chimayamba pa nthawi imene nkhokwe zili pululu, chimanga chili m'munda chisanakhwime, fodya asanapite kumsika ndipo mbatata isanakumbidwe. Ndiye kuti ndalama ya kulembetsa, ya lendi, ya ulendo ndi ya mapepala imafunika pa mwezi womwewo umene banja la mlimi likudya kamodzi patsiku. Boma lili ndi bungwe lake lopereka thandizo la maphunziro, Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo masukulu amakhala ndi thandizo laolao limene ophunzira amangolitcha bolsa. Koma opempha ndi ambiri kuposa olandira, ndipo wosalandirayo amadalira thumba la ufa limene atsibweni ake amalikweza pa chapa atalilemba dzina ndi makala, ndi timakobiri timene mlongo wake amatumiza pa M-Pesa mwezi ukatha. N'chinthu chodabwitsa, ndi chochititsa manyazi pang'ono, kuti m'boma limene anthu amalitcha nkhokwe ya chigawo cha Tete, kumene malole amadzaza mbatata ndi nyemba kupita nazo kumizinda ya kutali, mungapezeke mnyamata wophunzira za ulimi amene walowa m'kalasi ndi madzi okha m'mimba. Njala ya wophunzira siionekera kunja, chifukwa amasita malaya ake bwinobwino naseka ndi anzake. Amene angaizindikire ndi yekhayo amene amaona kuti nthawi ya nkhomaliro ikakwana, uyu amatsala m'laibulale masiku onse.

Tsono tilowe m'chipinda chimodzi mwa zija zimene eni nyumba a m'tauni amamanga kuseri kwa nyumba zao kuti azibwereketsa ophunzira. Ndi mwezi wa Juni, dzuwa lalowa, chiperoni chatsika kuchokera kumapiri. M'chipindamo muli anyamata atatu, matiresi awiri oyalidwa pa simenti, chingwe chopachikapo zovala, ndowa ya madzi pakona, ndi kompyuta imodzi imene amabwerekana polemba ntchito ya m'kalasi. Magetsi olipiriratu a Credelec atha dzulo, ndipo akudikira kuti mmodzi alandire ndalama. Wa ku Beira, amene kwao kuzizira sadakudziwe, wavala majuzi awiri ndi sokosi m'manja. Aphika nsima pa mbaula, adya ndi kabichi, ndipo popeza makala akadali ofiira, wina akuti, "Ilowe m'nyumba imeneyo, tiothe," natseka chitseko, natsekanso ndi nsanza mng'alu wa pansi pake. Apa ndi pamene pali imfa, pakuti makala akamanyeka m'chipinda chopanda mpweya amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo ndi wopanda utsi, umene umalowa m'magazi nkulanda malo a mpweya wabwino, kotero kuti munthu amangomva mutu kuwawa ndi tulo tokoma, osadzukanso. Mwana wobadwira ku Angónia adauzidwa zimenezi ndi agogo ake. Mlendo sadauzidwe ndi munthu, ndipo palibe phunziro la m'kalasi limene lidzamuuze. Kusamalira ophunzira kumayambira pa tinthu totere, timene sitifuna ndalama koma munthu wokumbukira kunena.

Pali kuzizira kwina kumene bulangete silithandiza. M'kalasi onse amaphunzira m'Chipwitikizi, koma akatuluka, msika, mpingo ndi mwini nyumba amalankhula Chichewa, ndipo mwana wa Chisena, wa Chindau, wa Chichuwabo kapena wa Chimakuwa amadzipeza ali bubu pakati pa anthu oseka zimene iye sakumva. Mwana wa konkuno naye ali ndi mtolo wake, pakuti Chipwitikizi chake adachiphunzira m'buku, ndipo akamva anzake a m'mizinda ya kunyanja akuchilankhula mothamanga monga chilankhulo cha pabere, amatseka pakamwa m'kalasi ngakhale yankho akulidziwa, kuopa kusekedwa. Onjezerani pamenepa mwambo uja wozunza obwera kumene, amene amawatcha caloiro, umene masukulu a maiko olankhula Chipwitikizi adatengera ku Portugal: pamene uchitika mwa nthabwala umaphwanya manyazi nupalitsa ubwenzi, koma pamene ugwera m'manja mwa ankhanza umasiya bala limene mwini wake sadzalitchula. Aphunzitsi a za ulimi amadziwa bwino kuti mbande imene yazulidwa panazale, ingakhale yobiriwira chotani, imafota masiku oyamba ikawokedwa, ndipo imafuna madzi ndi mthunzi pa nthawi yomweyo, osati mwezi wamawa. N'zachisoni kuti nzeru imene timaigwiritsa ntchito pa fodya ndi tomato timaiwala kuigwiritsa ntchito pa anthu. Masabata oyamba ndiwo amene amaweruza ngati wophunzira adzakhazikika kapena adzabwerera kwao mwakachetechete.

Nthenda ya mtima wosweka anthu a kwathu saiwerengera m'gulu la matenda kufikira itafika pa misala. Mnyamata akayamba kugona usana, kuleka kusamba, kujomba m'kalasi ndi kuthera madzulo ake pa kachasu, anzake amati watayirira. Mtsikana akamalira yekha usiku amati walodzedwa kapena wakanidwa ndi chibwenzi. Ndipo mwamuna adaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti misozi si yake. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, cha Infulene, chili ku Maputo, ndipo madokotala a nthenda zotere m'dziko lonse ndi owerengeka, n'chifukwa chake boma lidayamba kuphunzitsa akatswiri a pakatikati kuti azikhala m'zipatala za m'maboma. Palinso zipinda zolandirirako achinyamata zimene zimatchedwa SAAJ, kumene munthu angafunse za kachilombo ka Edzi, za kulera ndi zina zotere popanda kudzudzulidwa. Koma chipatala chimathandiza amene wafika pakhomo pake, pamene wosweka mtima ndiye womaliza kudzinyamula yekha. Ku Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda, ataona kuchepa kwa madokotala anzake, adaphunzitsa agogo aakazi a mumzinda wa Harare kumvetsera ndi kufunsa mafunso oyenera, nawakhazika pa mabenchi kunja kwa zipatala, ndipo ntchitoyo, imene imatchedwa Friendship Bench, itayesedwa mwa ukatswiri idapezeka kuti imachepetsadi nthendayo. Chimene agogowo adali nacho sichidali mankhwala, koma nthawi, khutu ndi kusunga chinsinsi, zinthu zimene tauni ngati Ulongué siingazisowe itafuna kuzisonkhanitsa.

Za ana aakazi tiyenera kunena mosabisa mau. Mtsikana amene wafika pa sukulu ya ukachenjede kuchokera m'midzi ya kuno wapulumuka kale misampha yambiri, waukulu mwa iyo ukwati wa ubwana, umene lamulo la mu 2019 lidauletsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Ndipo kufikira kumapeto kwa 2018 padali lamulo la mu 2003 limene linkasamutsira mtsikana woyembekezera ku sukulu ya usiku, ngati kuti mimbayo adaitenga yekha. Akafika pamwamba pamenepa amakumana ndi msampha wina, wa mwamuna wa ndalama amene amalonjeza lendi ndi foni, ndi woipitsitsa wa onse, wa munthu amene ali ndi cholembera cha malikisi m'dzanja lake. Choipa chimenechi chimadandaulidwa m'masukulu a maiko ambiri, ndipo kulikonse chimakula pa chifukwa chimodzi, chakuti wodandaula amauzidwa kukanena kwa mnzake wa wolakwayo, amene amadya naye mbale imodzi. Sukulu imene ifuna kuti ana aakazi aikhulupirire iyenera kuika khomo lodandaulirako limene silidzera m'manja mwa opereka malikisi, pakhale mai wamkulu wodziwika kusunga pakamwa, ndipo aonetse, ngakhale kamodzi kokha, kuti wolakwa angachotsedwe ntchito. Popanda chimenecho malamulo olembedwa pakhoma ndi zokongoletsa chabe.

Kunena zoona, mtolo waukulu wa kulera ophunzira m'tauni zotere amausenza ndi mipingo, nthawi zambiri osadziwa kuti akuusenza. Wophunzira amene walowa kwaya ya ku parishi, kapena gulu la achinyamata la Igreja Reformada, kapena mapemphero a madzulo a mipingo ya Chipentekoste, wapeza anthu amene adzafunsa Lamulungu likudzalo kuti, "Kodi mnzathu uja ali kuti?" Amai a mumpingo amamuitanira nsima ya Lamulungu masana, amamutcha mwana wao, ndipo akagonekedwa m'chipatala cha Ulongué ndiwo amabwera ndi phala m'mamawa, potsata mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ubusa wotere ndi wamtengo wapatali, ndipo ophunzira za ubusa ku Hefsiba sayenera kupita kutali kukafuna nkhosa zoyeserapo ntchito yao. Komabe sukulu siingatule udindo wake wonse pa mipingo nkusamba m'manja, chifukwa pali Asilamu ochokera ku Nampula ndi ku Niassa, pali osapemphera konse, palinso iwo amene chowavuta chao ndi chomwe akuopa kuti mpingo ungachimve. Ndiponso, ndinene mwaulemu, alipo atumiki ena amene nthenda iliyonse amaiona ngati chiwanda, nasunga m'mapemphero a usiku munthu wofunika kuonana ndi dokotala. Mbusa wanzeru amadziwa pamene pemphero liyenera kuperekezedwa ndi kalata ya kuchipatala.

Poyesera penipeni pa zonsezi ndi pamaliro. Uthenga ukafika kuti bambo a wophunzira amwalira ku Mocuba kapena ku Gorongosa, pamafunika munthu woti amuuze mwa ulemu, osati angouwerenga pa WhatsApp ali m'kalasi; pamafunika ndalama ya ulendo tsiku lomwelo; pamafunikanso wina wokauza aphunzitsi kuti mayeso amene aphonye adzalembe pambuyo. Kawirikawiri amene amachita izi ndi ophunzira anzake: mtsogoleri wa kalasi amang'amba pepala m'kope, nalemba maina, nayenda chipinda ndi chipinda, uyu 20 meticais, uyu 50, uyu alibe koma apereka sopo, ndipo asanagone chipepeso chakwana tikiti. Ndipo ikakhala imfa ya wophunzira mwini wake, mlendo wopanda adzukulu m'dziko la eni, pamadzuka mafunso olemera, akuti bokosi agula ndani, galimoto yonyamula thupi ulendo wa tsiku lathunthu alipira ndani, ndipo ndani adzaima pamaso pa abale kufotokoza m'mene mwana wao adadwalira. Sukulu imene idakonzeratu yankho la mafunso amenewa tsoka lisanagwe imalemekezedwa ndi midzi imene sidzaiona ndi maso. Imene imayamba kufunafuna mapepala thupi lili m'nyumba ya chisoni, anthu saiiwala.

Zaka zapitazi zaonetsa kuti tsoka lingagwere sukulu yonse nthawi imodzi. M'Malichi 2019, namondwe wa Idai atakantha Beira, mafoni a mumzindamo adazima kwa masiku, ndipo ana a kumeneko amene ankaphunzira kutali adakhala osadziwa ngati makolo ao ali moyo. Chaka chotsatira, pa 23 Malichi 2020, masukulu onse adatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro nasamukira pa intaneti, ndipo pamenepo padaoneka poyera kusiyana kwa mwana wokhala ndi kompyuta ndi mwana amene ayenera kukwera pachulu kuti foni yake igwire.

Nanga chingachitike n'chiyani? Kubwerera ku belu la mishoni sikungatheke ndiponso sikoyenera, pakuti wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede ndi munthu wamkulu, wovota, nthawi zina wa banja lake, makamaka iwo amene amaphunzira madzulo ataweruka kuntchito. Kumutsekera pa geti ndi kumuwerengera maola ndiko kumunyoza. Koma pakati pa kumuyesa khanda ndi kumutaya pali njira ina, imene masukulu ena akale adaipeza. M'makoleji a ku Cambridge, ku England, wophunzira amapatsidwa mphunzitsi wina womuyang'anira pa za moyo wake, amene kawirikawiri sakhala wa phunziro lake, kuti athe kum'dandaulira za ndalama, matenda kapena za aphunzitsi omwe popanda kuopa malikisi. Mchewa akamva zimenezi sadabwa, chifukwa akuona unkhoswe umene adaudziwa kale: munthu mmodzi, wotchulika dzina, wokhala ndi anthu ochepa oti awadziwe nkhope, amene saweruza mlandu koma amaperekeza mwini mlandu. Ena adzati aphunzitsi ndi ochepa ndipo atopa kale ndi makalasi, ndipo akunena zoona. Koma nkhoswe siyenera kukhala mphunzitsi nthawi zonse. Angakhale wophunzira wa chaka chachitatu amene waphunzitsidwa pang'ono, mlembi wa muofesi, namwino wopuma pantchito, kapena mwini nyumba amene sukulu yalemba dzina lake m'kaundula nkumupatsa nambala yoti aimbe zinthu zikavuta. Chofunika n'chakuti wophunzira aliyense adziwe nkhoswe yake sabata yoyamba, ndipo nkhosweyo idziwe kumene ingatule nkhani imene yaikulira.

Pali gulu lina limene limatayika popanda wolizindikira, ndilo la iwo amene atsiriza maphunziro onse a m'kalasi nkutsala ndi kafukufuku womaliza, uja amamutcha monografia. Pa nthawi imeneyi bolsa imakhala itatha, anzao a m'chipinda abalalika, kalasi yokumanirana kulibe, ndipo wophunzira wa za ulimi afunika ndalama ya mbeu, feteleza ndi ulendo wa kumunda woyeserako, kumenenso ayenera kudikira nyengo yathunthu ya mvula kuti apeze zolemba. Mbeu zikaonongeka ndi ntchemberezandonda kapena ng'amba, chaka chapita. Ambiri amati apite kaye kumudzi akapeze ndalama, kapena alowe ganyu kwa ogula fodya, nalonjeza kubwera mwezi wamawa. Mwezi usanduka chaka, manyazi akula, ndipo munthu amene adakhala zaka zinayi pa sukulu atsala wopanda pepala m'manja. Maina ao ali m'mabuku a muofesi, pamodzi ndi nambala za mafoni ao ndi maina a midzi yao, kotero kuti mlembi mmodzi, atapatsidwa ntchitoyo pamene chimanga chalowa m'nkhokwe ndipo m'midzi muli kandalama, angathe kuwaimbira onse m'masiku ochepa, kuwafunsa pamene adalekezera, ndi kuwapangira tsiku lokumana ndi aphunzitsi owayang'anira mvula ina isanagwe.